Waya amene sindinamuyeze

Dwangwa, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba pano. Azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ndipo amathiramo mchere wawo. Ine ndiyambira tsiku limene ndinatsika basi pa Dwangwa, m'manja muli kabokosi ka masipanala, m'thumba muli pepala la kusukulu ya zaluso lonena kuti Maulidi ndi wamagetsi a galimoto. Imene inandilemba ntchito inali kampani ina ya malole onyamula nzimbe, ndipo galaja yake inali kuseri kwa msika. Kapitawo wa galajayo anali a Mhone, Mtonga wamtali wosakonda kulankhula kawiri. Analandira pepala langa, kuliwerenga mpaka pansi, kulipinda bwinobwino n'kundibwezera, amvekere lole siwerenga. Kenaka anatsegula kabati n'kundipatsa babu laling'ono lomangirira mawaya awiri, n'kundiuza kuti sukulu yanga yeniyeni ndi imeneyo.

A Mhone anali ndi lamulo limodzi lokha. Ankati chipangizo chilichonse chamagetsi chili ngati munthu, usanalengeze kuti chafa uyambe waona ngati chikudya, ndiponso ngati zimene chadyazo zikutuluka. Kudya kunali moto wochokera ku batire, kutuluka kunali waya wa ethi, wobwezera motowo kumene unachokera. Ine ndinkaseka nawo mawuwo mpaka mwezi wachitatu, pamene ndinamasula alitaneta, chipangizo chotchaja batire, ya lole ina n'kukaisiya ku sitolo kuti yapsa. A Mhone anapita pa loleyo, anagwira waya wa ethi wa pa injini, wayayo n'kuduka m'manja mwawo ngati chingwe chowola. Sanandikalipire. Anangonditumiza kukatenga alitaneta ija ku sitolo, n'kundilamula kuti ndiisenze pamutu podzera mumsika, osati njira yachidule. Amayi ogulitsa nsomba anandifunsa ngati ndikugulitsa, ndipo kwa chaka chathunthu ankanditchula kuti Alitaneta. Pa Dwangwa ndinakhalapo zaka khumi ndi chimodzi. Ndi kumeneko kumene ndinakwatira amayi anu, ndipo atatu oyamba mwa inu munabadwira m'nyumba ya chipinda chimodzi imene denga lake linkada ndi phulusa la nzimbe nyengo yootcha.

Ku Boma, zaka za kusowa

Ndinabwerera kwathu ku Boma agogo anu aamuna atayamba kudwala. Ndinapeza malo ku bungwe lina lothandiza zipatala zing'onozing'ono zakumudzi, limene linali ndi galimoto zisanu ndi amakaniko awiri, ine ndi mnzanga wina. Mnzanga uja atapuma sanalembenso wina, ndiye zonse zinatsalira ine, mabuleki, magiya ndi magetsi omwe. Ndinagwira kumeneko zaka zoposa makumi awiri, ndipo zambiri mwa izo zinali zosowa. Pena ankasowa masipeya, pena ndalama zakunja zogulira masipeyawo, pena dizilo. Ndinaphunzira kusema mabulashi a sitata kuchokera ku makala a m'kati mwa mabatire a tochi, ndiponso kupha galimoto imodzi kuti zina zinayi zikhale ndi moyo. Mabwana ankabwera ndi kupita. Wina ankakonda misonkhano, wina ankaopa fumbi la ku galaja moti sanapondeko mpaka anasamutsidwa. Womaliza anali mayi Kamanga, namwino amene anakwezedwa kukhala woyang'anira, wamng'ono msinkhu ngati mwana wanga woyamba. Iwowa ankabwera ku galaja, ankafunsa, ndipo ukawayankha mozemba ankafunsanso.

Ndi m'nthawi yawo m'mene inabwera galimoto yamagetsi. Dizilo anali atasowa kwambiri, galimoto zinkagona pamzere masiku, ndiye otithandiza akunja anatitumizira ambulansi yosamwa mafuta, n'kuika mapanelo a sola pa chipatala chaching'ono chimene tinkathandiza ku Liwaladzi kuti izitchajidwa komweko. Ntchito yake inali kuthamangitsira ku Boma odwala amene achipatala chaching'onocho alephera, makamaka amayi oyembekezera. Anthu anaipatsa dzina lakuti Kachetechete, chifukwa inkafika pakhomo osamveka, ndipo a Juma, dalaivala wake, ankadandaula kuti mbuzi za mumsewu sizikuwapatsanso ulemu. Ine ananditumiza ku Lilongwe milungu iwiri kukaphunzira. Anatiphunzitsa kuopa mawaya alalanje, amene moto wake umapha, ndipo anatipatsa kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, kamene kamafunsa kompyuta ya galimoto chimene chikuivuta n'kulemba yankho pagalasi. Anatiletsanso babu loyezera, kuti limatha kuotcha kompyuta. Zimenezo n'zoona. Ndinabwerako n'kuika babu la a Mhone mu dirowa, koma sindinazindikire kuti ndatsekeramonso mafunso awo.

Kuti mumve zimene zikubwerazi, ndikuuzeni pang'ono za mabuleki a galimoto yotere. Imaima m'njira ziwiri. Ukaponda pang'ono, mota yomwe imayendetsa matayala ija ndi imene imagwira, ndipo mphamvu ya liwirolo imabwerera ku batire. Ukaponda kwambiri, mabuleki a masiku onse aja, amafuta, amalowererapo. Wogawa ntchito pakati pa ziwirizi ndi kompyuta, koma kompyutayo ilibe phazi. Imadalira kachipangizo kotalika ngati chala chachikulu, kotchedwa sensa, komangidwa pamene mafuta a buleki amapanikizika, kamene kamainong'oneza kuti dalaivala waponda mwamphamvu bwanji. Kasensako kali ndi mawaya atatu okha. Wina amabweretsa mavolti asanu, wina ndi wa ethi, wachitatu ndiye amanyamula uthenga.

Mvula ya chaka chotsatira

Mvula itakhazikika, a Juma anafika ku galaja m'mawa wina nkhope ili yotuwa. Anati akutsetserekera pa mlatho wina wa msewu wafumbi, magetsi ofiira ndi achikasu anayaka onse pamodzi kutsogolo kwawo, chopondera buleki chinauma ngati mwala, ndipo galimoto inapitirira kukaima patsogolo pa mayi wina wosenza chinangwa, amene anapulumuka podumphira m'ngalande. Atazimitsa ndi kulizanso, zonse zinali bwino ngati palibe chachitika. Aka kanali kachiwiri m'sabata imeneyo. Ndinalumikiza kamakina kaja, ndipo kanalemba kuti uthenga wochokera ku sensa ya mphamvu ya buleki ndi wokwera kupyola muyezo. Ndinawerenga liwu lakuti sensa, maso anga n'kuimira pomwepo. Ndinatsegula boneti, ndinazula pulagi ya kasensako, ndinaona kuti ndi yoyera yopanda dzimbiri, n'kuibwezera. Zonsezi sizinathe mphindi khumi. Kenaka ndinapita ku ofesi kukauza mayi Kamanga kuti sensa yafa, ndipo galimoto iyenera kuima mpaka ipezeke ina.

Anandifunsa ngati sindingangofufuta uthenga wa vutolo mu kompyuta. Ndinati ndingathe, koma ubwerera pa bampu yoyamba. A Juma, amene anali atanditsatira, anati anamva kuti m'tauni muli amisiri amene amalumikiza kachitsulo kena m'malo mwa sensa, kompyuta n'kumaganiza kuti zonse zili bwino, magetsi aja osayakanso. Ndinawauza kuti njirayo ndikuidziwa, koma sindingaichite, chifukwa ukainamiza kompyuta kuti phazi silikuponda, tsiku lina idzakhulupirira pamene phazilo likupondadi. Mayi Kamanga anandikumbutsa zimene ndinkazidziwa kale, kuti ambulansi ya dizilo ili gwa pabwalo thanki ili gwengwerere, kuti ino ndi nyengo imene misewu ya kumidzi imakana njinga zamoto, ndiponso kuti ku Liwaladzi kuli amayi amene masiku awo ayandikira.

"Bambo Maulidi," anatero, "mukaimitsa galimoto imeneyi, wina afa. Mukudziwa zimenezo?"

"Ndikudziwa, mayi. Koma ndikaisiya iziyenda, tsiku lina idzafera pa mlatho ndi wodwala, namwino, womudikirira ndi a Juma awa, onse nthawi imodzi. Dzanja langa silingasaine."

Anatenga makiyi kwa a Juma n'kundipatsa ine. Kunja a Juma anandiuza kuti ndine nkhalamba yamakani, koma ananena motsitsa mawu, ngati munthu amene watulidwa katundu. Sensa ija m'dziko muno munalibe. Inayenera kuitanitsidwa kunja, ndipo panali kudikira ndalama zakunja, kudikira ndege, kudikira a kasitomu. Zonse pamodzi zinatenga milungu isanu ndi umodzi. Pa milungu yonseyo Kachetechete anaima pansi pa shedi ya galaja yanga. M'mawa uliwonse ndinkamudutsa, nthawi zina ndinkamupukuta fumbi, kawiri ndinamupopa matayala. Boneti yokha sindinaitsegulenso. Ndinkayenda ndi mtima wa munthu amene wachita chinthu chovuta koma cholungama, ndipo ndikuuzeni ana anga kuti mtima umenewo umagonetsa tulo kuposa ulesi.

Sabata yachinayi, mayi wina woyembekezera wa ku Liwaladzi, Anaphiri, mkazi wa msodzi wotchedwa a Mbewe, matenda ake anayamba m'bandakucha. Pofika m'mawa anamwino anaona kuti mwana wagona mopingasa ndipo n'zofunika opaleshoni ku Boma. Anaimba foni ku ofesi, koma ya dizilo inalibe ngakhale dontho. Anafunafuna galimoto yamatola maola atatu, mpaka anamukweza pa lole ya nsomba, atamugoneka pa matumba. Madokotala anapulumutsa mayiyo, koma mwana anali atapita kale. Amene anandiuza ndi mayi Kamanga, ataima pakhomo la galaja. Sanandiloze chala. Anangonena n'kubwerera ku ofesi. Ine ndinamva chisoni, ndinamupempherera mayiyo pa swala ya masana, koma ndinadziuza kuti mlandu ndi wa dizilo ndi wa ndalama zakunja, ndipo ndikanati ndisankhenso ndikanasankha chimodzimodzi.

Lachinayi limene sensa inafika

Inabwera m'kabokosi kochepa ngati ka machesi. Tsiku limenelo a Juma anali ku maliro kwawo, ndiye ndinali ndekha. Ndinachotsa yakale, ndinamanga yatsopano, ndinatulutsa mpweya m'mapaipi a mafuta a buleki, ndinafufuta uthenga wa vuto, n'kutuluka kukayesa. Pa tala zonse zinali bwino. Ndinakhotera mumsewu wafumbi wodzera m'madimba a mpunga, umene mvula inaukumba mabampu, ndipo ndisanayende mtunda wautali magetsi aja anayaka onse, chopondera n'kuuma pansi pa phazi langa. Ndinaimitsa movutikira pafupi ndi mtengo wa mango. Ndinakhala m'galimotomo kanthawi manja ali pa chiwongolero, ndipo thukuta limene linandituluka silinali la dzuwa. Sensa ziwiri sizingadwale nthenda imodzi pa bampu imodzi.

Ndinabwerera ku galaja pang'onopang'ono ngati wakuba. Ndinatenga mita yanga yoyezera magetsi, imene kompyuta siiopa, ndi singano imene ndinabwereka kwa telala wa pakhonde la sitolo yoyandikana nafe. Singanoyo ndinkaibaya kuseri kwa pulagi kuti ndiyeze waya aliyense ali pantchito, osazula kanthu. Waya wobweretsa moto anali ndi mavolti ake asanu. Waya wa uthenga anali pa theka la volti phazi lisanaponde, ndipo ankakwera bwinobwino ndikakanikiza chopondera ndi thabwa. Watsala wa ethi. Nditayeza ngati walumikizana kuchokera uku kufika uko, mita inati ali bwino. Koma waya angathe kutsala ndi kaulusi kamodzi, mita n'kumati walumikizana, pamene katundu weniweni sangamunyamule. Ndiye ndinasiya galimoto ili yoyatsa, ndinaika mwendo umodzi wa mita pa ethi ya sensa, wina pa ethi ya batire laling'ono loyatsa magetsi ndi kompyuta, kuti ndione moto umene ukutsalira panjira. Unayenera kukhala pafupifupi palibe, ndipo unalidi choncho. Kenaka ndinayamba kugwedeza mtolo wa mawaya ndi dzanja, chikhatho ndi chikhatho, kutsika nawo mpaka kuseri kwa tayala lakutsogolo lakumanzere. Nditafika pamenepo, manambala a pa mita anadumpha kupyola volti imodzi.

Ndinachotsa tayala ndi pulasitiki yotchinga matope. Mtolo wa mawaya unkakhudzana ndi kachitsulo kouchirikiza, ndipo kachitsuloko kanali katadya tepi ndi khungu la waya mmodzi. Madzi a m'mitsinje imene a Juma ankawoloka analowa pabalapo. Nditang'amba khungulo, kopa wa m'kati anali atasanduka ufa wobiriwira, kutsala timaulusi tiwiri tokha. Galimoto ikakhala phee, timaulusito tinkakwanira. Ikagunda bampu, ethi inkatayika kamphindi, uthenga wa sensa n'kukwera, kompyuta n'kuona zosatheka, n'kusiya kuthandiza phazi la dalaivala. Kamakina kaja sikananame. Kanati uthenga ndi wokwera. Kuti sensa yafa ndinanena ndine. Ndinadula pamene panawolapo, ndinalumikiza waya watsopano n'kuwotcherera, ndinakulunga bwino, n'kusuntha mtolowo kuti usakhudzenso chitsulo. Kuyambira pamene ndinabwereka singano mpaka pamene ndinabwezera tayala sipanathe maola awiri.

Panali chinthu china chimene sindinkafuna kuchita, koma ndinachita. Ndinamasula sensa yatsopano n'kubwezera yakale ija, imene ndinailengeza kuti yafa. Ndinapita nayo pa msewu wa m'madimba uja, ndinadutsa mabampu onse katatu, mwadala, mothamanga. Palibe getsi limene linayaka. Ndinabwerera, ndinatseka galaja, ndinakhala pa benchi kachidutswa ka waya wowola kali m'dzanja. Palibe amene anaona. Ndikanatha kumanga yatsopano, yakale n'kuiponya m'dzala, m'mawa mwake n'kukauza mayi Kamanga kuti sensa yafika ndipo galimoto yachira, ndipo onse akanandiyamika kuti makani anga anapulumutsa anthu. Kunali kutatsala chaka chimodzi kuti ndipume, ndipo kulikulu anali atayamba kale kukamba zondiwonjezera zaka zina ziwiri, poti m'boma lonse wodziwa galimoto yamagetsi ndinali ndekha. Awiri omaliza mwa inu munali musanamalize sukulu.

Nditafika kunyumba ndinapeza amayi anu akupeta mpunga pakhonde. Ndinawafotokozera zonse, za sensa, za waya, za Anaphiri, ndiponso za dzala. Sanasiye kupeta. Anandifunsa ngati mwanayo akanakhala moyo galimoto ikanakhala ikuyenda, ndipo ndinayankha kuti zimenezo akudziwa ndi Mulungu yekha, koma maola atatu aja sakanatayika. Anatola timiyala tingapo m'lichero n'kutitaya pansi. Kenaka anati iwo sandiuza chochita, poti galaja si yawo, koma ndidziwe kuti anakwatiwa ndi munthu mmodzi, ndipo pa ukalamba uno sayamba kuphikira awiri, ine ndi bodza langalo.

Lachisanu, ndisanapite ku mzikiti

Ndinalowa mu ofesi ya mayi Kamanga n'kuika patebulo zinthu ziwiri, sensa yatsopano m'kabokosi kake ndi kachidutswa ka waya. Ndinawauza kuti galimoto yachira, ndipo ikuyendera sensa yakale. Poyamba sanamve, ndiye ndinabwereza pang'onopang'ono, osasiya kanthu. Anatola kawayako, ufa wobiriwira n'kuwadetsa zala.

"Mukanayeza tsiku loyamba lija, ikanayenda liti?"

"Madzulo a tsiku lomwelo, mayi."

Anadzuka n'kukaima pawindo atandifulatira. Ndinkaona mapewa awo akukwera ndi kutsika. Atatembenuka, maso anali ofiira koma mawu anali okhazikika. Anati ayenera kulemba lipoti kulikulu, ndipo salembamo chabodza chondiikira kumbuyo. Ndinati n'chifukwa chake ndabwera. "Zoimitsa galimoto sindikukuimbani mlandu," anatero. "Munachita bwino, ndipo mutati muimitsenso mawa ndingasaine. Chimene chikundipweteka n'chakuti makani amene munachita ndi ine aja simunachite ndi waya."

Patapita milungu itatu inabwera kalata yondichenjeza, yoyamba pa moyo wanga wonse wa ntchito, ndipo nkhani ya zaka ziwiri zowonjezera inafera pomwepo. Inu awiri omaliza mukukumbukira chaka chimene amayi anu anayamba kuphika mandazi ndipo ine ndinayamba kukonza njinga zamoto pakhonde. Munkafunsa chifukwa chake ndapuma pamene bungwe linalibe wina, ndipo ndinkakuyankhani kuti maso atopa. Maso anali bwino. Chifukwa chake ndi chimene mwawerengachi. Mayi Kamanga kwa miyezi ingapo ankandipatsa moni wa pakamwa pokha. Chisanathe chaka anandiuza kuti ndilembe papepala, m'Chichewa chomveka, ndondomeko yoyezera mawaya atatu aja munthu asanaitanitse sipeya, kuti aimate pakhoma la galaja. Ndinalemba, ndipo pamwamba pake ndinaika kuti kamakina kamanena pamene pakupweteka, sikanena chimene chaluma. Zainabu, iwe amene watengera ntchito ya magetsi, pepala limenelo lili m'sutikesi yobiriwira, ulitenge.

Liwaladzi, mvula itatha

Mayi Kamanga anandilangiza kuti kwa a Mbewe ndisapiteko. Anati banjalo silidziwa za waya, limangodziwa kuti galimoto inali yowonongeka, ndipo kukawauza n'kukanda bala limene layamba kupola. Mwina ankanena zoona. Ndinamvera miyezi itatu, kenaka Loweruka lina ndinakwera Kachetechete ndi a Juma, amene ankapita kukasiya mankhwala, n'kuwapempha kuti andilozere nyumbayo.

Tinafika dzuwa litakwera. A Mbewe anali pansi pa mtengo akusoka ukonde, bambo wa zaka ngati makumi atatu ndi zisanu, wa mikono yolimba. Anaphiri ankayanika chinangwa chonyika pa thandala, ndipo ankayendabe mosamala, dzanja limodzi lili pamimba. Anandiyalira mkeka, tinalonjerana, anandipatsa madzi. Ndinadzitchula dzina ndi ntchito yanga. Ndinapepesa za mwana, ngakhale ndinkadziwa kuti mwana wopita motero salira maliro, amakamuika amayi okhaokha mwakachetechete, ndipo anthu sayembekezera kuti mlendo wamwamuna angamutchule. Kenaka ndinanena zimene ndinabwerera. Sindinatchule mavolti. Ndinangoti galimoto ija inaima milungu isanu ndi umodzi chifukwa cha vuto limene ndikanalikonza tsiku limodzi ndikanafufuza mokwanira, ndipo tsiku limene ankaifuna, inali pa shedi yanga makiyi ali m'dirowa yanga.

Anaphiri anali atasiya kuyanika. Anaima pamenepo chinangwa chili m'manja, kenaka anachiika pathandala n'kulowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso. A Mbewe anapitiriza kusoka. Anamanga mfundo zingapo asanalankhule, ndipo atalankhula sanakweze mawu. Anandifunsa amene wandituma, ndinati palibe. Anandifunsa chimene ndikufuna kwa iwo, n'kupitiriza okha.

"Bambo," anatero, "inu mwabwera kudzatula katundu wanu pakhomo pano. Ife tili naye kale wathu, ndipo ndi wolemera. Wanuyo mubwerera naye. Kukhululuka ndi kwa mayiyu, poti amene anang'ambidwa ndi iyeyu, ndipo lero sindimufunsa."

Ndinavomera kuti anena zoona. Ndinathokoza madzi, ndinatsanzika, n'kunyamuka kulowera ku msewu kumene a Juma anaimika galimoto. Nditayenda pang'ono ndinamva mapazi kumbuyo. Anali a Mbewe, akundiperekeza monga mwa mwambo, chingwe chosokera chikadali m'dzanja. Tinayenda limodzi mpaka pa galimotoyo. Anaizungulira, anasuzumira m'kati mmene muli machira, n'kuima pafupi ndi tayala lakutsogolo.

"Ndiye pano ikumaima?"

"Ikumaima."

"Mwayeza ndi manja anu, kapena mwauzidwa?"

"Ndi manja anga. Waya aliyense."

Anagwedeza mutu n'kuyang'ana kumudzi kwawo. "Chabwino. M'mudzi muno muli amayi atatu oyembekezera, mmodzi ndi mlongo wanga. Mwezi wake ndi wamawa."

Anabwerera ku ukonde wawo osandigwira chanza. Ine ndinauza a Juma kuti asalize kaye, ndinavula malaya a paulendo n'kuwapachika pa chitseko, ndinagona chagada pa mchenga wotentha, n'kulowa pansi pa galimoto kukaonanso mtolo wa mawaya uja.